Manja a Ndime Yomaliza

Sydney, 8 Ogasiti 1994

Okondedwa achimwene a Penisimani,

Tiyamike Mulungu amene akutisunga, inu uko kuchilumba kwathu ku Nomuka, ine kuno kozizira ngati m'bokosi la ayezi. Abambo ali bwanji? Nanga alamu anga a Seini ndi ana? Ine ndili bwino, kupatula miyendo, yomwe yandiuza poyera kuti chibale chatha.

Musaseke. Maphunziro a zisudzo aja ndawayamba, ndi a miyezi inayi. Ine ndimayesa atipatsa mapepala tiziloweza mawu. Ayi ndithu! Chiyambireni palibe amene watsegula pakamwa. Timakumana m'chinyumba chakale chimene ankasungiramo ubweya wa nkhosa, fungo lake likadalimo, ndipo mphunzitsi wathu, mayi wina wowonda wotchedwa Gwenda, akuti wa zisudzo ayambe walankhula ndi thupi, pakamwa pazibwera pambuyo. Mayiyu anayenda. Ku Japan anakaphunzira kuponda: mumapinda mawondo, msana njo, n'kumamenya pansi ndi mapazi mpaka thukuta kulowa m'maso. Ku France anakaphunzira kuvala chigoba cha kumaso chosaseka, chosalira, ati nkhope ikabisika thupi silitha kunama. Tsono iye akuti njira imodzi yokha imamanga munthu, ndiye akufuna kuziponya zonse mumphika umodzi aone chimene chipsemo. M'mawa timaponda, masana chigoba, madzulo zonse pamodzi. Tsiku loyamba ndinatsika m'basi chogwira zitsulo ngati gogo.

Sabata yatha anatiuza kuti aliyense abweretse kavinidwe ka kwawo tikathire mumphikamo. Nditamuuza kuti bambo anga ndi punake, munthu amene amapeka mawu, nyimbo ndi manja a lakalaka, gule wathu uja wovinidwa ndi mudzi wonse, amuna mbali ino akazi mbali iyo, mayiyo anachita kundigwira mapewa onse awiri.

Pempho langa nali. Ndamva kuti abambo akupeka lakalaka yatsopano. Muwapemphe akufotokozereni manja a mbali ya akazi, inu mulembe papepala, kaya mujambule ndi pensulo, munditumizire msanga. Ndikudziwa kuti kujambula kwanu nkhumba ndi ngalawa zimafanana, koma yesetsani.

Ndaika magalasi owerengera a abambo ndi kangachepe ka chopereka cha tchalitchi.

Ine mlongo wanu,
Kalolaine

Nomuka, 30 Ogasiti 1994

Alongo anga a Kalolaine,

Moni m'dzina la Ambuye. Kalata yanu inafika pa sitima imodzi ndi simenti ya tchalitchi, ndiye tinachita kuipukuta tisanaitsegule. Magalasi awakwana abambo, akuthokoza. A Seini ndi ana ali bwino.

Nkhani ya kuponda ija ndinawawerengera abambo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti pansipo panalakwa chiyani.

Za manja ayankha motere, ndipo ndikulemba momwe ananenera: "Manja salowa mu envulopu. Amene akuwafuna abwere adzakhale pamphasa patsogolo panga."

Tchalitchi chatsopano tikutsegula Lamlungu la pambuyo pa Khirisimasi, ndipo alendo adzachokera mpaka kulikulu ku Nuku'alofa. Lakalakayi ili ndi ndime zisanu ndi zinayi. Mbali ya amuna yatha, ndikuphunzitsa ndine. Vuto lili ku mbali ya akazi. Mukudziwa nokha kuti abambo saimirira kuvina manja a akazi. Amangosuntha zala ali chikhalire, pang'ono chabe, wina n'kuona n'kukazikulitsa pamaso pa azimayi. Kale ankatero ndi amayi, amayi atatisiya munkatero ndinu. Chichokereni inu palibe amene amatha kuwerenga zala zimenezo. Azimayi akuyesa, abambo akungopukusa mutu.

Abambo sakupeza bwino kwenikweni. Atopa. Kokamwa chakumwa chathu cha kava ndi anzawo sakupitakonso, ndipo m'tchalitchi akukhala pafupi ndi khomo. Ngati kumeneko kuli mitsamiro yofewa yokhalira, tumizani umodzi. Koma kuposa mtsamirowo, bwerani inuyo.

Ine mlongo wanu,
Penisimani

Sydney, 19 Sepitembala 1994

Achimwene,

Moni nonse. Mtsamiro ndatumiza, wofewa ngati mimba ya mwana.

Koma tiuzane zoona. Abambo akudwala chiyani? Pakupweteka ndi pati? Anamwino anati chiyani? Ndikufunsa chifukwa galu wakale sapsa mphuno kawiri. Chaka chijachi munandilembera kuti azakhali a Melenaite ali kayakaya. Ine mtima m'manja, ndinakwera ndege, ndinakwera sitima ndikusanza njira yonse, kufika ndinawapeza azakhaliwo akusenda chinangwa, akuimba, ndipo pakhonde panali Lisiate mwana wa abusa atavala nsapato pakati pa sabata, akudikira kundifunsira. Ngati pakhondepo mwakhazikaponso munthu, muuzeni avule nsapatozo apite kunyanja.

Popeza abambo akana kuika manja mu envulopu, ndatenga akale amene ndikuwakumbukira, a lakalaka ija ya chaka chimene kunagwa mphepo yamkuntho. Ndinawaika pamwamba pa kuponda, kumaso nditavala chigoba. Tangoganizani: miyendo ya ku Japan, nkhope ya ku France, manja a bambo athu a Taniela a ku Nomuka! Nditamaliza, Gwenda anali atagwira pakamwa. Akuti zaka zonsezi miyendo anali nayo, chimene ankasowa ndi manja odziwa kulankhula, ndipo tsopano anzanga onse akuphunzira kwa ine. Mutawaona azungu akupinda zala mungagwe ndi phwete.

Chimodzi chokha chimandisowetsa mtendere pang'ono. Gwenda amafuna chilichonse chiziwerengedwa, wani mpaka eyiti, kuti chilumikizane ndi mapazi. Ndinamuuza kuti abambo sawerenga, dzanja limatsata liwu la nyimbo, liwu likachedwa nalonso lichedwe. Iye anati ndiye tichotse mawuwo, titsale ndi manja okha. Tinachotsa. Zikuoneka bwino, sindikunama, koma abambo musawawerengere ndime imeneyi.

Pa 26 Novembala tidzaonetsa zimene taphunzira, ndipo kudzabwera akuluakulu a gulu lina la zisudzo kudzasankha anthu atatu oti awalembe ntchito. Achimwene, zaka zisanu ndakhala ndikukolopa m'nyumba yosungira nkhalamba. Mwayi wotere sugogoda kawiri. Ndikangomaliza ndinyamuka, ndifika kudakali masabata atatu tchalitchi chisanatsegulidwe. Ine zala za abambo ndimaziwerenga ngati nyuzipepala, ndime zisanu ndi zinayi ndi ntchito ya masiku ochepa.

Muyankhe mafunso angawo.

Kalolaine

Nomuka, 11 Okutobala 1994

Alongo anga,

Moni m'dzina la Ambuye. Mtsamiro wafika, ukuthandiza.

Lisiate anakwatira mtsikana wa ku Ha'afeva chaka chatha, ali ndi mwana. Pakhonde palibe munthu.

Denga la tchalitchi latha, tatsala ndi mawindo. Anangumi chaka chino achedwa kuchoka, ana akumathawa sukulu kukawaonerera. Nkhumba yaikulu ija tikusungira alendo.

Abambo aona kuti masiku akupita, ndiye ayamba kuitana azimayi kunyumba, atatuatatu. Amawakhazika pafupi n'kumawapinda zala ndi manja awo, chala chimodzichimodzi. Ndime imodzi ikutenga sabata yathunthu, ndipo akamaliza amagona tsiku lonse. Afika pa ndime yachinayi. Sitima ikalira amafunsa kuti mwatsika ndani.

Mafunso anu ndawaona. Sing'anga wamkulu ndi Mulungu.

Musadikire Novembala. Bwerani ndi sitima ya mwezi uno.

Penisimani

Sydney, 28 Okutobala 1994

Achimwene,

Moni. Mwandiuza za denga, za anangumi, za nkhumba, mpaka za mwana wa Lisiate amene sindinamufunse. Mafunso anga atatu mwangowaona basi, ngati munthu woona ngalawa ikudutsa. Matenda opanda dzina ndi matenda anji? Chikhala chifuwa mukanati chifuwa, ukhala mtima mukanati mtima. Munthu wodwala kwenikweni angamaphunzitse azimayi a mudzi wonse kuvina?

Ndikudziwa kuti abambo sanakondwe nditabwera kuno, ndipo tsopano akumva kuti manja awo ndawaika pamwamba pa miyendo ya eni ake. Akufuna ndisiye ndibwere, koma kunena mwachindunji sangathe, inunso ndi mwana wawo ndithu. Zandipweteka, achimwene. Kamodzi kokha m'moyo mwanga ndapeza chinthu changachanga, ndipo mwezi umodzi wokha mukulephera kundidikira.

Ndibwera tikatha chionetsero. Muwauze andisungire ndime yomaliza, imeneyo ndidzailandira ndekha m'manja mwawo.

Kalolaine

Nomuka, 25 Okutobala 1994

Alamu anga a Kalolaine,

Ndine Seini. Pepani, ndikudziwa kuti si malo anga kukulemberani, mkazi wobwera salowerera nkhani za eni nyumba. Koma amuna angawa apita kunyanja, ndang'amba pepala m'kope la mwana, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinena.

Alamu, abambo akufa. Ali ndi chotupa cha khansa kumusi, panjira ya mkodzo. Mkodzo unayamba kuvuta mwezi wa Meyi, kenako unayamba kutuluka ndi magazi, pano anamwino anawaika kapaipi. Anapita nawo ku Nuku'alofa mu Julayi, madokotala anati chafalikira m'mafupa, angobwerera kwawo. Anamwino anandiuza kumbali kuti Khirisimasi sadzaiona. Kukhala pansi ndi ululu, kugona ndi ululu. Amawasambitsa ndi achimwene anuwo, m'mawa uliwonse, atatseka chitseko.

Mwina mukuti nanga bwanji sanakuuzeni. Ine ndinawafunsa, mpaka tinayambana. Kalata yachiwiri ija analemba n'kung'amba, kulembanso n'kung'amba, mapepala a ana kutha. Ndinati, "Inu, kodi cholembera chikukulumani? Tangolembani kuti bambo akufa!" Anati, "Abambo andiletsa. Akuti mwana asaopsezedwe, abwere chifukwa cha manja." Ndinati, "Ndiye tchulani matendawo, iye adziwa yekha, si amagwira ntchito kwa nkhalamba?" Alamu, munthu wamkulu uja anatuluka thukuta. Anati, "Seini, ine nditchule za kumusi kwa bambo anga kwa mlongo wanga? Ndilembe ndi dzanja langali, iye awerenge ndi maso ake? Ukufuna ndidzamuyang'ane bwanji?" Ndinati nanga lamya ya ku positi? Anati imeneyo ndiye mudzi wonse umamvera nawo.

Mwambowo mukuudziwa kuposa ine. Mlongo ndi mlongo sakhala awiri m'chipinda, satchulirana za thupi, ngakhale nthabwala yonyansa ikanenedwa wina amatuluka. Achimwene anu amakulemekezani mpaka ulemuwo wawatseka pakhosi. Akuyesa kuti za mtsamiro ndi za kukhala pafupi ndi khomo zija munamva. Akumati, "Kalolaine ndi wanzeru, wamva." Ine ndikuona kuti simunamve.

Manja aja ine ndayesa kuthandiza, koma anga ndi manja ochapira, abambo akandiona amatseka maso ngati ndawaponda.

Siyani zonse mubwere. Mukafika musanene kuti ndinalemba ndine, kapena nenani, kaya, zilibenso kanthu.

Mlamu wanu,
Seini

Nomuka, 9 Disembala 1994

Achimwene a Penisimani,

Ndikukulemberani ndili kwa azakhali, denga la nyumba yanu ndikuliona pawindo. Chifikireni tangopatsana moni pagulu. Zimene ndikufuna kunena sizineneka pa anthu, ndipo awiri sitingakhale, ndiye a Seini anyamulanso kalata.

Musawakalipire. Kalata yawo inandipeza pa 21 Novembala. Inagona m'thumba la positi pafupifupi mwezi, sitima itafa injini, pamene yanga yamwano ija inadutsa bwinobwino n'kukupezani. Ndinaiwerengera pakhomo la chinyumba chija nditavula kale nsapato kuti ndikaponde. Ndinamuonetsa Gwenda. Kunali kutatsala masiku asanu kuti tionetse, theka la chionetserocho linali pa manja anga, koma mayi uja anangoti, "Ukudikira chiyani? Thamanga." Ndinathamanga. Uthenga woti abambo atisiya unandipeza padoko ku Nuku'alofa, ndikudikira sitima. Chionetsero ndinachitaya, abambo sindinawapeze. Ndapeza manda, mulu wa mchenga woyera, ndi azakhali atagwira sizasi kuti andidule tsitsi la maliro.

Achimwene, ndine chitsiru. Ine wogwira ntchito kwa nkhalamba, amene ndimadziwa chifukwa chimene bambo wokalamba amakhalira pafupi ndi khomo! Miyezi itatu ndinali m'nyumba imene mwamuna ndi mkazi amatchulirana chiuno ndi matako ngati akutchula mitengo ya tomato, mpaka ndinaiwala kuti pali zinthu zimene inu simungalembe kwa ine. Tsiku lonse Gwenda ankatiuza kuti mverani chimene thupi likunena pamene pakamwa patsekedwa. Mlongo wanga yemwe atatseka pakamwa, ine ndinati akunama. Kalata yanga yomaliza ija, ndikupemphani, mundiuze kuti simunawawerengere.

Azakhali akuti abambo analamula kuti lakalaka ivinidwe ngakhale tili m'zakuda. Ndime zisanu ndi zitatu azimayi akuzidziwa. Yachisanu ndi chinayi, ya ngalawa yotuluka pampata wa matanthwe kulowa m'nyanja yaikulu, ilibe manja a akazi, chifukwa ndinanena ndekha kuti andisungire. Dzulo azimayi anandiimika patsogolo pawo m'holo, akuti mwana wa punake ndinu, ikaniponi manja. Anayamba kuimba. Ndinatseka maso kuti ndione zala za abambo, koma m'mutu munayamba wani, thuu, firii. Mawondo anapindika okha. Dzanja limafika liwu lisanafike. Ndinavina mpaka kumapeto, atsikana anawomba m'manja, ndipo azakhali anati, "Zokongola, mwana wanga. Koma ndi za ndani?"

Sindikumuda Gwenda, mphika wake ulibe mlandu. Ndine amene ndinathamangira kuthiramo zinthu zimene ndinali ndisanamalize kulandira.

Sindingaike manja anga pa ndime ya abambo. Ndiye ndikufunsani inu amene munali nawo mpaka kumapeto: kodi palibe chimene anasiya? Ngakhale chala chimodzi?

Mlongo wanu,
Kalolaine

Nomuka, 10 Disembala 1994

Alongo anga,

Kalata yanu ndalandira. A Seini sindinawakalipire. Anachita chimene chinandikanika ine.

Kalata ija sindinawawerengere yonse. Ndinawerenga mzere womaliza wokha, woti akusungireni ndime. Anasangalala kwambiri tsiku limenelo, anadya ndi nsomba yomwe.

Atasiya kudzuka, m'mawa uliwonse ndikatha kuwasambitsa ankakweza zala pachifuwa n'kuchita ndime imeneyo, mizere yonse inayi, akuimba chapansipansi, maso ali kukhomo. Ndinawapempha kuti ndiitane azimayi. Anati, "Iyi ndi ya Kalolaine." Ine sindinkayang'anitsitsa. Ndi manja a akazi, komanso ndinkati mufika ndi sitima yotsatira, poti ndinkakhulupirira kuti munamva. Ndinkapinda zofunda, kutaya madzi, iwo akuvina kumbuyo kwanga.

Pamene ndinazindikira kuti simufika, ndinayamba kuyang'ana. Koma apo n'kuti mphamvu zitatha. Ankachita mzere woyamba, pofika wachiwiri zala zimagwera pachifuwa. Tsiku ndi tsiku chimodzimodzi. Mzere woyambawo ndinaugwira. Ndinkakauyeserera m'ngalawa, kutali kunyanja, kumene kulibe woona mwamuna akuvina manja a akazi. Itatu inayo ndinali nayo pamaso panga masabata awiri, ine ndikupinda zofunda. Inu mukuti ndinu chitsiru. Ine ndinasunga ulemu wanga kwa inu, ndipo ulemuwo wakudyerani bambo. Chimenechi chidzandiwawa mpaka ndidzawatsatire.

Bwerani kunyumba mawa tikatuluka m'mapemphero. A Seini akhala pakati pathu. Mzere umodziwo ndikupatsani, inu mukaukulitse pamaso pa azimayi monga munkachitira kale, ndipo musaseke manja a msodzi. Mizere itatu yotsalayo azimayi adzaimbe manja ali pansi. Alendo akadzafunsa chifukwa chake, mudzandisiyire, ndidzayankha ine.

Mlongo wanu,
Penisimani